Mndandanda wa magemu mu MAME: mafunso amene abale kuno ku Joni amandifunsa

Ntchito yanga ndi yokonza malaputopu ndi mafoni ku Mayfair. Mwa anthu akwathu amene amandipeza, alipo ena amene sabwera ndi sikirini yosweka kapena batire lakufa, koma ndi MAME. Uyu anapatsidwa pa fulashi ndi mnzake wa kuntchito, uyu akufuna choti ana azichita Loweruka m'malo moyendayenda mumsewu, winayo waika kompyuta yakale m'kabati ya matabwa pamalo pake pometera tsitsi ku Rosettenville. Onsewa amakodwa pamalo amodzi, pa menyu yoyamba ija yosankhirapo gemu. Mafunso ake amakhala omwewomwewo, choncho ndawalemba pano monga mmene eni ake amafunsira. Mawu a pa menyu ndawasiya m'Chingerezi chifukwa ndi mmene mukawaonere pa sikirini, ndipo ndikunena za MAME ya pa kompyuta ya zaka zaposachedwapa.

MAME imeneyi ndi gemu, kapena n'chiyani?

Si gemu. Ndi pulogalamu imene imachititsa kompyuta yanu kukhala ngati makina akale aja oponyamo ndalama yachitsulo. Anaiyambitsa ndi Nicola Salmoria wa ku Italy, ndipo inatuluka koyamba mu February 1997. Anthu amene amaikonza mpaka lero cholinga chawo ndi kusunga mbiri ya makinawo, kuti bolodi lenilenilo likadzapsa kapena kuola, kagwiridwe kake ka ntchito kasadzaiwalike. Kusewera kumachita kubwera pambuyo. Mukaigwira mfundo imeneyi, zambiri zimene zimakwiyitsa pa menyu muyamba kuona kuti zili ndi chifukwa chake.

Gemu yeniyeniyo imakhala mu zimene timati ROM, zinthu zokopedwa kuchokera mu tima chip ta pa bolodi la makinawo n'kumangidwa mu fayilo ya zip. MAME mukangoitsitsa imabwera yopanda ma ROM.

Ndatsegula, ndapeza mayina osawerengeka. Ndiye kuti magemu onsewa ndili nawo?

Ayi achimwene, ndipo ambiri amasokerera pomwepa. Mndandanda umene mukuuonawo si wa magemu amene ali mu kompyuta yanu. Ndi kaundula wa makina onse amene MAME imawadziwa, kaya muli nawo kaya mulibe, kaya amagwira ntchito kaya okonza ake akadalimbana nawo. Uli ngati buku la mayina la kwa amfumu kumudzi. Dzina lanu lilimo ndithu, koma inu muli ku Joni chaka chachisanu ndi chimodzi. Akaitana dzinalo pabwalo, palibe woyankha.

Mayinawo amaposa 30,000, ndipo ambiri mwa iwo si magemu a ndewu kapena a mpira amene mukufuna. Mu 2015 MAME inaphatikizana ndi pulogalamu inzake yotchedwa MESS, imene inkasunga makompyuta akale ndi magemu olumikiza ku TV ya m'nyumba. Kuyambira pamenepo mumndandanda muli makakyuleta, makompyuta osewera chess ndi zida zoimbira, kuwonjezera pa makina a pinball ndi makina a juga ambirimbiri amene analimo kale. Menyu imene tikunenayi inalowa mu 2016, pa MAME 0.171, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kukuthandizani kusefa mulu umenewu.

Yang'anani pamwamba penipeni. Pali mzere umene ukunena nambala ya MAME yanu, kenako manambala awiri: mayina amene akuoneka panopa, ndi mayina onse amene alipo. Ngati awiriwa akufanana, ndiye kuti muli pa Unfiltered, simunasefe kalikonse. Pitani kumanzere musankhe Available. Nambala yoyamba igwa kwambiri, mwina kufika pa makumi angapo, ndipo zotsalazo ndiye zanu.

Anthu angapo afikapo kwa ine atafufuta MAME n'kuitsitsanso katatu, data yatha, akuti yawo ndi yoonongeka chifukwa gemu iliyonse imene akudina ikukana. Sinaonongeke. Amaitana mayina a anthu amene kulibe.

Pa sikirini pali zinthu zambiri. Ndiyang'ane pati?

Kumanzere kuli masefa, pakati pali mayina, kumanja kuli zithunzi ndi mbiri ya gemu imene mwaloza. Batani la Tab limakusamutsani kuchoka mbali ina kupita ina, mivi imakweza ndi kutsitsa, Enter imatsegula. Mausi imagwiranso. Pansi pa mayina pali General Settings, ya MAME yonse, ndi System Settings, ya gemu imodzi yokha imene mwaloza. Pa MAME yakaleko pang'ono mayina ake anali Configure Options ndi Configure Machine.

Koma malo amene ndimapempha aliyense kuti azolowere kuwerenga ndi kabokosi ka pansi penipeni. Anthu amakadumpha chifukwa zilembo zake n'zazing'ono, chonsecho ndi kamene kamanena dzina lalifupi la gemuyo, chaka, kampani imene inaipanga, ngati ili kholo kapena mwana wa gemu ina, komanso ngati imagwira bwino. Mafunso ambiri otsatirawa yankho lake limakhala litalembedwa kale m'kabokosi kameneka.

Ndaika magemu mu foda koma pa Available sakuoneka.

Yambani ndi F1. MAME siyang'ana mu foda yanu mwatsopano nthawi iliyonse. Imasunga kamndandanda ka zimene inapeza kale, mu foda ya ui, ndipo mukawonjezera magemu kamndandandako kamakhala kakale. F1 imaiuza kuti iwerengenso. Pa laputopu yakale zimatenga kanthawi, isiyeni imalize.

Zikakanikabe, onani ngati mafayilo ali mu foda ya roms imene ili pamodzi ndi MAME yeniyeniyo. Ngati ali kwina, monga pa fulashi kapena pa hard drive yakunja, lowani General Settings, Configure Folders, ROMs, muionetse njira. Dziwani kuti Windows imatha kusintha chilembo cha fulashi mukaisomeka pa bowo lina kapena pa kompyuta ina. Dzulo inali E, lero ndi F, ndipo MAME ikuyang'anabe ku E.

Zolakwa zina ziwiri ndimaziona sabata ndi sabata. Choyamba, kumasula zip n'kuthira timafayilo tonse pamodzi mu roms. Musamasule, zisiyeni zomanga. Chachiwiri, kusintha dzina kuti lizimveka bwino. Munthu amaona mslug.zip n'kulemba kuti Metal Slug.zip. MAME imafunafuna dzina lalifupi lokhalo, ndipo mukalisintha gemuyo yasowa ngakhale ili pomwepo.

Mwina muonanso mayina ochepa pa Available pamene simunaike kanthu. Amenewo ndi makina osafuna ROM, monga Pong ya Atari ya 1972, imene inapangidwa ndi mawaya ndi tizipangizo tokha, yopanda pulogalamu m'kati.

Zip ndili nayo, dzina lake n'lolondola, koma ikuti mafayilo ena akusowa.

Apa tikhalepo pang'ono, chifukwa zip imodzi nthawi zambiri siimira payokha.

Gemu imodzi inkatuluka m'mitundu ingapo: ya ku Japan, ya ku America, ya mayiko ena onse, yokonzedwanso patapita miyezi, yakuba. MAME imasankha umodzi kukhala parent, kholo, ndipo inayo imakhala ma clone, ana. Tsono pali njira zitatu zimene anthu amamangira mazipu. Pa split, zip ya mwana imangosunga zimene zikusiyana ndi kholo, zina zonse imakatenga kwa kholo. Ndi mnyamata amene wamanga gowelo lake koma nsima akudyabe kwa amake. Mukamutenga yekha, sakhalitsa. Pa merged, kholo ndi ana onse ali mu zip imodzi ya dzina la kholo. Pa non-merged, aliyense ali ndi nkhokwe yakeyake, zip iliyonse ili ndi zonse za gemuyo, kungoti imadya malo ambiri. Mnzanu akakukoperani magemu asanu okha pa fulashi kuchokera mu mulu wa split, n'kutheka wakupatsani ana okhaokha. Kabokosi ka pansi kaja kakuuzani kholo lake, mubwerere mukatenge.

Chachiwiri ndi BIOS, pulogalamu ya bolodi lenilenilo imene magemu ake onse amadalira. Makina a Neo Geo, amene SNK inatulutsa mu 1990, anali bolodi limodzi losomekapo makatiriji osiyanasiyana. Choncho Metal Slug ya 1996 ndi The King of Fighters '98 zonse zimadalira neogeo.zip, imene iyenera kukhala mu roms momwemo, yosamasula. Ikasowa, magemu onse a Neo Geo amakana limodzi. Ndaonapo munthu ataifufuta poyesa kuti ndi gemu yosagwira imene ikungodya malo.

Chachitatu chimafanana ndi chimenechi. Magemu a Capcom monga Street Fighter Alpha ndi Marvel vs. Capcom anali ndi kachipangizo ka mawu kotchedwa QSound, ndipo MAME yatsopano imafuna qsound_hle.zip yokhala ndi fayilo ya dl-1425.bin. Mukaona dzina limeneli pa uthenga wa zosowa, gemu yanu ilibe vuto, chasowa ndi chimenecho basi.

Chachinayi ndi CHD. Makina ena anali ndi hard drive kapena CD m'kati, monga Killer Instinct ya 1994. Zoterozo zimafuna zip komanso fayilo yaikulu ya CHD, imene imakhala mu foda ya dzina la gemuyo m'kati mwa roms: foda ya kinst, m'katimo kinst.chd. Sefa ya CHD Required imakuonetsani magemu a mtundu umenewu.

Musamatseke uthenga wa zosowa musanauwerenge. MAME yatsopano imatchula mayina a mafayilo amene sinapeze. Ujambuleni ndi foni. Amene amadziwa kulemba malamulo pa Command Prompt akhoza kulemba mame -verifyroms mslug, iwauza chosowa chimodzichimodzi.

Street Fighter II ikuoneka kambirimbiri. Yeniyeni ndi iti?

Zonse ndi zenizeni, ndipo kwa ine apa ndi pamene MAME imakoma. Capcom inatulutsa Street Fighter II: The World Warrior mu 1991, kenako Champion Edition mu 1992, imene inalola kusewera ndi mabwana anayi omenyana nawo kumapeto aja komanso kuti awiri asankhe munthu mmodzi. Mtundu uliwonse unali ndi wa ku Japan, wa ku America ndi wa mayiko ena, ndipo uliwonse unkakonzedwanso.

Werengani zimene zili m'mabulaketi kumapeto kwa dzina. Mawu akuti World, USA kapena Japan akunena dera. Manambala asanu ndi limodzi pa magemu a Capcom ndi deti, kuyambira chaka: World 910522 ndiye kuti ya mayiko onse, ya pa 22 May 1991. Mawu akuti bootleg akutanthauza bolodi lokopera, lopangidwa popanda chilolezo cha eni ake. Set 1, set 2 ndi mabolodi osiyana pang'ono amene anapezeka. Mayina a ana amaoneka otuwa pang'ono kusiyana ndi a makolo.

Ngati mukungofuna kusewera, tengani kholo. Kawirikawiri ndi mtundu wa World umene unakonzedwa komaliza, ndipo umakhala wa Chingerezi ngati unalipo. Koma ngati mukufuna gemu ya ubwana wanu, kholo mwina silikhala limenelo. Kasitomala wanga wina, mkulu wobadwira konkuno ku Turffontein, amene anakulira m'timasitolo ta pakona akuponya 20 senti, anakana Champion Edition imene ndinamutsegulira. Anati yake ija munthu ankaponya moto ali m'mwamba, komanso ankasintha womenya ndewu ili m'kati. Sankalota. Ankanena za bolodi lokopera lotchedwa Rainbow, limene mu MAME lili pa dzina la sf2rb, mwana wa Champion Edition. Titaitsegula anakhala chete kanthawi, kenako manja anakumbukira okha. Pakanapanda anthu osunga ngakhale mabolodi akuba, gemu yakeyo sakanaionanso. N'chifukwa chake sindikondwa ndikamva wina akuti ma clone ndi zinyalala zongotalikitsa mndandanda.

Ndasankha Parents kuti mndandanda ufupike, koma Pac-Man yasowa.

Sinasowe. Namco inatulutsa gemuyi ku Japan mu 1980 ndi dzina lakuti Puck Man, ndipo mu MAME kholo ndi puckman. Pac-Man imene tonse timaidziwa ndi mwana. Zoterezi zilipo zambiri, gemu imene kuno inkadziwika ndi dzina lina pamene kholo lake lili ndi dzina lina. Sefa ya Parents ndi yabwino, koma imabisa mayina otere.

Kabokosi ka pansi kamasintha mtundu, pena kobiriwira, pena kachikasu, pena kofiira.

Kobiriwira, MAME imawatsanzira bwino makinawo. Kachikasu, gemu imaseweredwa koma pali china chosalongosoka, mwina mawu, mwina mitundu ya zithunzi, ndipo kabokosiko kamanena kuti ndi chiti. Kofiira, NOT WORKING, okonza MAME eni ake akukuuzani kuti sanamalize. Yofiira ikhoza kuyaka n'kuonetsa dzina, kenako n'kuima. Palibe ROM ina imene mungatsitse kuti ichire, ndiye musataye data.

Mtunduwo ukunena za MAME, osati za kompyuta yanu. Kubiriwira sikutanthauza kuti gemuyo muli nayo, komanso sikutanthauza kuti laputopu yanu ikwanitsa kuikoka. Ya zaka khumi imathamangitsa Galaga, Pac-Man ndi Metal Slug popanda vuto, koma magemu a 3D a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 imatha kuwakoka mwaulesi, mawu akudukaduka. Dinani F11 gemu ili m'kati. Pakona patuluka nambala ya liwiro, ndipo ikamakhala pansi pa 100% vuto ndi mphamvu ya kompyuta.

Magemu omwewa akugwira pa foni ya mlamu wanga. Bwanji pa laputopu yanga akukana?

Chifukwa MAME yake ndi yanu zikusiyana zaka. MAME imatuluka yatsopano pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo wina akapeza bolodi labwino n'kukopa chip imene kale inakopedwa molakwika, kapena imene inali isanakopedwe n'komwe, MAME yatsopano imayamba kufuna fayilo yolondolayo. Zip imene inali yokwanira mu 2010 lero ikhoza kukhala yoperewera kafayilo kamodzi. MAME siyang'ana dzina lokha, imayezanso za m'kati mwa fayilo iliyonse, ndiye simungainamize pongosintha dzina.

Mafoni ena ali ndi MAME ya pa foni yotchedwa MAME4droid, yakale ija ya 0.139, yochokera mu 2010. Timakompyuta tambiri tating'ono ta Raspberry Pi tokhala ndi pulogalamu ya magemu ya RetroArch timagwiritsa MAME 2003, imene ndi 0.78. Mulu wa magemu umayenda ndi nambala yake. Munthu akamakupatsani magemu, funso loyamba likhale lakuti, ndi a MAME nambala chani?

Langizo langa kwa amene zonse zikuwayendera: musathamangire kusintha MAME chifukwa chakuti kwatuluka ina. Ngati mukufuna kuyesa yatsopano, ikani mu foda ina, yakaleyo muisiye chikhalire mpaka mutatsimikiza. Mulu wonse wa ma ROM ndi magigabayiti makumimakumi, ndipo ma CHD ndi mazanamazana. Kwa munthu wogula data ya sabata ndi ndalama ya ganyu, chimenecho si chinthu choyambiranso mwachisawawa.

Ndikufuna ana azingoona magemu awo okha.

Funso limeneli ndimalilandira ndi manja awiri. MAME imasunga chilichonse chimene chinakhalapo, ndiye mumndandanda muli makina a juga, muli magemu a mahjong ndi ena a zithunzi zolaula amene ankapangidwira akuluakulu. Mayina ake sachenjeza. Ngati munalandira mulu wonse pa hard drive ya mnzanu, zimenezo zilimo.

Lozani gemu imene mwaivomereza, dinani Alt yakumanzere pamodzi ndi F, ilowa mu Favorites. Mukamaliza, siyani sefa ili pa Favorites. MAME imakumbukira sefa imene munali pomaliza, choncho ana akatsegula apeza yomweyo. Koma Favorites si loko. Mwana wa sitandade 4 aphunzira kudina Tab tsiku lomwelo. Njira yodalirika ndi kusiya mu roms magemu okhawo amene mwasankha, pamodzi ndi makolo awo ndi BIOS, ena onse n'kuwasamutsira kwina. Mayina azionekabe pa Unfiltered, koma sangatseguke.

Kwa inu akuluakulu pali Custom Filter, kumunsi kwa masefa, imene imalola kusanjikiza masefa angapo. Ine ndimaika Available, Working ndi Not Mechanical pamodzi. Yomalizayi imachotsa pinball ndi makina ena okhala ndi zitsulo zoyenda, amene pa sikirini palibe chosewera. Manufacturer ndi Year zimathandiza mukakumbukira kampani kapena chaka koma dzina lathawa. Vertical Screen ndi ya magemu a sikirini yoimirira, monga Galaga ndi Donkey Kong, yothandiza kwa amene anaimika sikirini m'kabati.

Ndifufuza bwanji dzina osatsika mndandanda wonse?

Ingoyambani kulemba. Palibe bokosi loti mudine kaye. Dzina lalitali kapena lalifupi, zonse zimagwira, ndipo ngakhale mulakwitse chilembo imabweretsa mayina oyandikira. Ikapanda kupezeka, bwererani pa Unfiltered mulembenso. Esc imafufuta zimene mwalemba, koma mukaidinanso kachiwiri MAME imatseka.

Kumanja kwa anzanga kumaoneka zithunzi. Kwanga kulibe.

Zithunzi sizibwera ndi MAME. Zimatsitsidwa padera n'kuikidwa m'mafoda ake: snap ya zithunzi za m'kati mwa gemu, titles, flyers, marquees, cabinets. Chithunzi chilichonse chimatenga dzina lalifupi la gemu yake. Koma ngati magemu anu ndi makumi awiri kapena atatu, simufunika kutsitsa kanthu. Tsegulani gemu, ifike pamalo okongola, dinani F12. MAME ijambula n'kusunga mu snap, ndipo chithunzi choyambacho n'chimene chizioneka pa menyu. Kwa ana amene sanayambe kuwerenga, zithunzi zimenezi ndiye menyu yeniyeni.

Mbali ya Infos imaonetsa zochepa zokhudza makinawo payokha. Mbiri yaitali imafuna fayilo ya history.xml mu foda ya history.

Ndadina Enter, m'malo mwa gemu patuluka mndandanda wina.

Pali iwiri. Ngati mayina ake ndi a madera, monga Europe, US, Japan, umenewo ndi wosankhira BIOS, ndipo umatuluka pa magemu a Neo Geo ndi ena otero. Woyamba pamwamba ndi wokwanira. Ukakutopetsani, mu General Settings, Miscellaneous Options, muli poti muziudumpha. Ngati mwasankha makina a m'nyumba monga Mega Drive, mndandanda wachiwiriwo ndi wa makatiriji ake, ndipo nawonso ndi kaundula chabe, uli ndi Available yakeyake.

M'kabati yanga muli ndodo ndi mabatani okha, mulibe kiyibodi.

Menyu imayenda ndi ndodo. Someka kiyibodi kamodzi, lowani General Settings, Input Assignments, User Interface, mupatse UI Select batani limodzi ndi lotulukira batani lina. Lotulukiralo musaliike pamwamba pamene osewera amamenya, apo ayi gemu izitseka ndewu ili pakati. Kufufuza dzina ndi F1 zimafunabe kiyibodi, ndiye kakiyibodi kotchipa kazikhala m'kabatimo.

Tibokosi togulitsidwa kale, tolembedwa kuti muli magemu masauzande, tili ndi menyu yakeyake, si imene tikunenayi. Mukatsika mndandanda wake mupeza gemu imodzi yabwerezedwa ndi mayina angapo, ana aja awerengedwa ngati magemu osiyana.

Ndinakonza mabatani, magetsi anazima, zonse zabwerera pakale.

MAME imalemba zimene mwasintha pa mabatani nthawi imene mukutuluka bwinobwino, mu foda ya cfg. Magetsi akathima musanatuluke, zapita. Mukangomaliza kukonza, tulukani ndi Esc mpaka itseke, kenako muitsegulenso. Mafoda a cfg ndi ui, pamodzi ndi mame.ini ndi ui.ini, akopereni pa fulashi, ndi tinthu tating'ono. Ndipo MAME musaiike mu Program Files, chifukwa kumeneko Windows imatha kuiletsa kulemba, n'kumaiwala zonse ngakhale magetsi alipo.

Magemuwo ndiwatenge kuti? Ndingalipiritse anthu pa shopu yanga?

MAME yeniyeniyo ndi yaulere, itengeni pa mamedev.org basi. Magemu ali ndi eni ake. Capcom, SNK ndi Bandai Namco alipo mpaka lero ndipo akugulitsabe magemu awo akale pa makina atsopano. Kukalamba kwa gemu sikuichotsa m'manja mwa mwini wake, choncho sinditchula malo otsitsirako zimenezo.

Pa mamedev.org pomwepo pali magemu angapo amene eni ake analola kuti anthu azitenga kwaulere, monga Gridlee, Robby Roto ndi ena a kampani ya Exidy. Ndi abwino poyesera ngati MAME yanu yakhala bwino: ikani imodzi mu roms, dinani F1, ioneke pa Available. Chilolezo chake ndi chosewera, osati chochitira malonda. Za kuponyetsa anthu R2 pa shopu, ndimanena mosabisa kuti ma ROM a eni ake simunapatsidwe kuti mupangire ndalama, ndipo ife okhala m'dziko la eni sitifunika mlandu wina woonjezera.

Chenjezo limodzi kwa onse: ROM ya MAME imakhala zip kapena 7z. Tsamba likakupatsani fayilo ya exe n'kumati ndi Metal Slug, musaitsegule. Malaputopu odwala matenda otero ndawapukutapo ambiri, ena zithunzi za ana a kumudzi zitapita nawo limodzi.

Gemu yatseguka, koma ikungodzisewera yokha. Ndikadina palibe chikuchitika.

Ikudikira ndalama. Makinawo sakudziwa kuti ali mu laputopu, akuchita zimene ankachita pakhomo la sitolo, kudzionetsa kuti odutsa akopeke. Dinani 5, imeneyo ndi ndalama ya wosewera woyamba, kenako 1 kuti muyambe. Wachiwiri ndalama yake ndi 6, kuyamba ndi 2. Mivi ndiyo ndodo, mabatani atatu oyamba ndi Ctrl, Alt ndi Space. Magemu ena amayamba ndi manambala ndi mizeremizere pa sikirini, akudziyeza monga ankachitira akayatsidwa m'mawa, apatseni masekondi angapo. Tab m'kati mwa gemu imatsegula menyu ina yosinthira mabatani, ndipo Esc imakubwezerani ku mndandanda uja, pa dzina lomwe munachokera.